A Nachisale, Mayi Amene Ankapempha Odwala Misala Kuti Awaperekeze

Loweruka lapitali tinali kumanda kukamanga chiliza cha a Nachisale, pakuti chaka chakwana chimwalirireni. Simenti anagula ndi ana awo a ku Lilongwe, koma mchenga ndi madzi anatuta ndi anthu amene kale kuno kwathu, pakati pa Kamwendo ndi Chiosya, sitinkawatchula n'komwe mayina. Tinkangoti amisala. Mlongo wanga Ferista anali pakati pawo, ndowa ili pamutu, akukangana ndi mnzake kuti watunga madzi ambiri ndani. Ine ndinaimika fosholo n'kumangomuyang'ana. Munthu ameneyu inalipo nthawi imene sankatuluka m'chipinda ngakhale kukaothera dzuwa. Mawu amene alembedwa pachilizapo ndi ochepa, dzina ndi kapemphero basi. Otsalawo ndiyesa kuwanena pano.

Dzina lawo la ubatizo linali Margarita, koma sindinamvepo munthu akuwaitana choncho. Akuluakulu ankati a Nachisale, ndipo ife amene tinadutsa m'manja mwawo kusukulu tinkati a Madamu. Anaphunzitsa pulayimale zaka zambiri cha ku Ludzi, komwenso ankaphunzitsa atsikana mpira wamanja. Atapuma pantchito anabwerera kumudzi ndi njinga yakapalasa, nsapato zansalu ndi mawu omwe aja a pabwalo la mpira, omveka kutsidya kwa dambo. Anali mayi wamfupi, wa akatumba olimba, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Ukati uyende nawo limodzi, nkhani inkathera m'wefuwefu. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi kuona munthu atakhala pakhonde atagwira kutsaya dzuwa lili pamutu. Ankati thupi la munthu ndi njinga, ukaiyedzeka pakhoma imachita dzimbiri ngakhale ikhale yatsopano.

Ferista anayamba kudwala atabereka mwana wachiwiri. Ankamva mawu amene ife sitinkawamva, ankati anthu akumuthirira mankhwala m'chakudya, ndipo tsiku lina tinakamupeza kudambo akulankhula ndi madzi. Tinayenda naye kwa asing'anga, kenako kuchipatala cha ku boma, kumene anamugoneka n'kumuyambitsa mankhwala. Anabwerako ali phee, ife n'kumati wachira. Mwamuna wake anali atalongedza kale n'kubwerera kwawo, choncho udindo unagwera ine. Mankhwala anathetsadi mawu aja, koma ankamugonetsa tulo tosatha, anamunenepetsa, manja ankangonjenjemera. Kumaliro sitinkapita naye, kutchalitchi ayi, ndipo alendo akabwera tinkakoka chitseko cha chipinda chake. Tinkati tikumusamala.

Tsiku lina m'mawa ndinamva odi wa a Madamu pabwalo.

"Yohane, Ferista ali kuti?"

"Akugona, a Madamu."

"Dzuwa lafika apa? Wadwala malungo?"

"Ayi, ndi matenda ake aja."

"Matenda ake ndi a m'mutu. Nanga miyendo yalakwa chiyani?"

Analowa okha, anakhala pamphasa n'kumacheza za mvula ndi za mbewu ya mtedza, Ferista osayankha ngakhale liwu limodzi. Kenako anadzuka, nasasa chitenje chawo, nati, "Ine ndikupita. Koma kodi kwanu kuno mlendo mumamuperekeza ndi maso?"

Ndinaona Ferista akufufuza mpango. Tsiku limenelo anawaperekeza mpaka pankhokwe n'kubwerera. Mawa lake a Madamu anabweranso, anafika nawo pamango a kumapeto kwa bwalo. Mvula isanagwe, anthu awiriwa anali akufika kumsewu.

Imeneyi ndiyo inali nzeru yawo yonse, ngati tingaitchule kuti nzeru. Sankauza munthu kuti ndabwera kudzakuthandiza. Ankapempha kuperekezedwa, ndipo ngakhale munthu mutu utasokonekera bwanji, ulemu umene anaphunzira ali mwana umakhala ulipobe penapake. Anayenda choncho khomo ndi khomo kulikonse kumene anamva kuti kuli munthu wobisidwa. Ena anawakana, ena anawathira mawu. Koma operekeza anachuluka pang'onopang'ono mpaka anakhala kagulu kooneka, amuna ndi akazi, koyenda m'mawa uliwonse pamsewu wafumbi dzuwa lisanapse.

Lamulo lawo linali lakuti aliyense wokumana naye panjira uzimupatsa moni wekha, ndi pakamwa pako, ukumuyang'ana kumaso. Akapanda kuyankha, mawa udzamupatsenso. Poyamba anthu ankapatuka panjira n'kulowa m'mizere, ana ankaimba nyimbo zachipongwe. Koma munthu sungakane moni mpaka kalekale. Loweruka ankapita nawo pabwalo la sukulu kukaponyerana mpira, ndipo apo napo panali lamulo: usanaponye, tchula dzina la amene ukumuponyera. Ndi pabwalo limenelo pamene ndinamva Ferista akuseka koyamba chidwalireni, mpira utamenya a Madamu pamphumi. Nthawi yokolola ankawatenga kukathothola mtedza kwa nkhalamba zopanda owathandiza. Ankati mankhwala amatontholetsa mutu, koma saperekeza munthu kumsika, ndipo samuphunzitsa kukhala pamaliro ndi anzake.

Sanali munthu wophweka, ndipo kunena zoona anakangana ndi anthu ambiri. Woyamba anali Che Juma, mwini golosale ina pa Kamwendo, pamene gululi linkapumira tsiku lamsika. Che Juma anadandaula kuti ogula akuopa kukwera pakhonde. A Madamu anawayankha kuti khonde ndi lawo koma mthunzi ndi wa Mulungu, nakhazika anthu awo pansi, pomwe mthunzi wa golosaleyo unkathera. Anachita choncho milungu ingapo. Tsiku lina tinapeza Che Juma atatulutsa benchi ndi ndowa ya madzi akumwa. Koma mkangano sunathe, unangosintha nkhope. Che Juma, mtima utafewa, anayamba kugawa mabanzi aulere, a Madamu n'kukalipa.

"Che Juma, awa si opemphetsa. Mukufuna azitambasula manja mpaka imfa?"

"Madamu, inu mulibe chabwino? Ndikawathamangitsa mukwiya, ndikawapatsa mukwiyanso!"

"Apatseni ntchito. Banzi adzagula okha."

Ndi mmene Ferista anayambira kusankha mtedza kuseri kwa golosale ya Che Juma, ntchito imene akugwirabe mpaka lero nyengo yake ikafika. Anthu awiri aja anakangana mpaka ukalamba, za ndale, za mvula, za chipembedzo, koma a Madamu akajomba tsiku lamsika Che Juma ankatuma wakabaza kukaona ngati ali bwino.

Mkangano umene unali woopsa unali wa mapilitsi. Kunabwera mlaliki wina woyendayenda amene ankauza anthu kuti wopemphereredwa ataye mankhwala m'chimbudzi. Mabanja enanso, poona kuti m'bale wawo wayamba kuyenda ndi kuseka, ankati wachira, jakisoni wa kuchipatala n'ngwachiyaninso. A Madamu anali munthu wopemphera, wosajomba kumphakati, koma pa nkhani iyi sankanyengerera. Anapita pamsonkhano wa mlaliki uja n'kumuuza pamaso pa anthu kuti apemphere mmene angathere, koma mapilitsi a anthu awo asawakhudze. Ankati mankhwala ndi mwendo umodzi, kuyenda ndi anzako ndi mwendo winawo, ndipo wodumpha ndi mwendo umodzi safika patali. Tsiku lokalandira mankhwala likayandikira ankazungulira pa njinga kukumbutsa mabanja, ndipo amene ankazengereza ankamva mawu oti sangawaiwale.

Inenso ndinakangana nawo. Chaka china mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, anawayendetsa anthu mtunda wautali mpaka Ferista anakomoka panjira. Adokotala anatiuza kuti mankhwala amenewa ndi dzuwa lamphamvu sizigwirizana, munthu amachita chizungulire. Ndinapita kwawo ndili ndi ukali, ndinawauza kuti mlongo wanga si mwana wa sukulu woti azimuthamangitsa pabwalo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Mawu oti pepani sanatuluke, ndipo sindikukhulupirira kuti anawatulutsapo kwa munthu aliyense. Koma anakwera njinga kukafunsa okha kuchipatala zoyenera ndi zosayenera, ndipo kuyambira pamenepo nyengo yotentha ankafupikitsa ulendo, nanyamula chigubu cha thobwa kumsana ngati mwana.

Matenda amene anawatenga anayamba ndi kufa ziwalo mbali ya kumanzere. Mayi amene sankatha kukhala pansi uja anagona pamphasa, pakamwa patapotoka. Ana awo ankafuna kuti azingopuma. Koma m'mawa uliwonse kunkabwera bambo wina wamtali, dzina lake Lufeyo, amene ankawadzutsa, kuwakoleka dzanja paphewa pake, n'kumayenda nawo pang'onopang'ono kuzungulira nyumba, iwo akumukalipira ndi lilime lolemera kuti akufulumira. Atamwalira, Lufeyo yemweyo ndi amene anayamba kutema nthaka pamodzi ndi adzukulu anzake okumba manda. Alendo ochokera kutali sanaone chachilendo. Koma ife eni mudzi tinkadziwa kumene munthu ameneyu anachokera, ndipo nkhani yake ndi imene ndimaikumbukira ndikamva dzina la a Nachisale.

Lufeyo anakagwira ntchito m'minda ya fodya ku Zambia, n'kubwerako mutu utasokonekera. Matenda atamukula anatentha mulu wa udzu wofolerera nyumba, namenya munthu amene ankamuletsa. Atsibweni ake, a Kambani, anamumanga ndi chingwe cha khonje pamzati wa chigafa chopachikamo fodya. A Madamu atamva, analimbana ndi banjalo mpaka linavomera kupita naye kuchipatala. Anabwerako atadekha, akumwa mankhwala bwinobwino, koma a Kambani anamubwezera pamzati pomwe paja. Mantha anali asanawathe. Mvula inagwa n'kutha Lufeyo ali m'chigafa, akudyera pomwepo, osalankhula ndi munthu. Miyendo inaonda ngati ya mwana.

A Madamu anapitako kambirimbiri osaphula kanthu. Tsiku lina anandipempha kuti ndipite nawo.

"A Kambani, ndabwera kuti Lufeyo andiperekeze," anatero titapatsana moni.

"Mayi, munthu uyu mukamumasula athawa. Akakapha mwana wa eni ake, mlandu udzakhala wa yani?"

"Chabwino, musamumasule. Masulani mzatiwo."

A Kambani sanamvetse. A Madamu analowa m'chigafa, namasula chingwe kumbali ya mzati, nachikulunga padzanja lawo lamanja n'kundiuza kuti ndimange mfundo. Ndinakana. Anandiyang'ana mmene ankatiyang'anira m'kalasi, ndipo ndinamanga.

"Tsopano akathawa athawa ndi ine," anatero. "Lufeyo, dzuka mwanangu. Ndiperekeze."

Anadzuka movutika, atagwira mzati. Anayenda ngati mwana wophunzira kumene, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala. Ife tinkatsatira pambuyo, ine ndi a Kambani, ndipo anthu anayamba kutuluka m'nyumba kudzaonerera. Zonse zinayenda bwino mpaka tinafika pamsewu. Pamenepo panatulukira lole yonyamula mabelo a fodya, ndipo dalaivala poona chikhamu cha anthu analiza hutala.

Lufeyo anakuwa n'kuliyatsa liwiro. Sindikudziwa kumene mphamvu zimenezo anazitenga. A Madamu anagwa chafufumimba, nakokedwa pamiyala ya m'mbali mwa msewu. Amayi anayamba kulira, amuna anathyola mitengo, wina anafuula kuti mugwireni, mumenyeni.

Kenako chingwe chinalendewera. Lufeyo anali ataima. Anatembenuka, naona mayi wokalamba ali gone m'fumbi, magazi akutuluka pachipumi. Anabwerera, anthu a mitengo aja n'kuima chifukwa sankadziwa chimene akufuna kuchita. Anagwada, nawanyamula mosamala n'kuwakhazika tsonga, nayamba kuwapukuta kumaso ndi malaya ake ong'ambika.

"Amayi, ndakupwetekani," anatero. "Amayi, pepani. Ndinaopa."

A Kambani anandigwira mkono. Anandinong'oneza kuti chibwerereni kuchipatala Lufeyo anali asanalankhulepo.

A Madamu anapuma kaye, kenako anakweza maso kuyang'ana anthu aja.

"Nonsenu muli ndi mitu yabwinobwino," anatero. "Wandidzutsa ndani?"

Mitengo inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Dzanja lamanja la a Madamu linali litathyoka pamfundo, likutupa tikuona, moti sakanatha kumasula chingwe. Ndinasendera kuti ndiwathandize koma anandiletsa. Anauza Lufeyo kuti amasule yekha, ayambe mbali yawo, amalize mbali yake. Zinamutengera nthawi, koma anamasula. Chingwe anachipereka kwa atsibweni ake ndi manja awiri. Kenako anayenda pambali pa a Madamu mpaka pamene tinapeza njinga yamoto yowatengera kuchipatala, popanda womugwira.

Dzanja lija silinawongokenso bwinobwino. Mpira ankaponya ndi lamanzere kuyambira pamenepo. Ana awo anakwiya kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti mayi awo akanatha kufa tsiku limenelo. Ngakhale iwo eni anavomera pambuyo pake kuti kudzimangirira kwa munthu wamantha si chinthu choti wina atengere. Koma Lufeyo sanabwererenso m'chigafa.

Ndinawafunsa kamodzi kokha chimene chinkawachititsa zonsezi. Tinali pakhonde pawo, dzanja lili m'chikhakha. Anandiuza za mlongo wawo Piyo, amene anadwala misala iwo ali kusukulu ya uphunzitsi. Makolo anamutsekera m'kanyumba kuseri, chifukwa cha chikondi ndi manyazi, ndipo anakhala mmenemo mpaka imfa. Pomusambitsa, miyendo yake inakana kuwongoka. Anali mnyamata amene kale ankathamanga kuposa onse m'mudzi. A Madamu anati iwo ankabwera patchuthi, n'kumamupatsira chakudya pawindo, osaganizako zotsegula chitseko. Atanena zimenezi anandituma kuti ndikawatungire madzi, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Sindinganame kuti onse amene anayenda ndi a Madamu zinawayendera bwino. Mayi wina anasiya mankhwala, nasowa, ndipo anakapezeka patapita nthawi kutsidya kwa malire ali wosazindikirika. Bambo wina anayenda nawo zaka zambiri koma sanafike pocheza ndi munthu, ankangoyenda basi, ngakhale abale ake amati masiku amene wayenda ankagona bwino ndi kusamba yekha. Lufeyo naye matenda amamubwerera nthawi zina. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amadziwa yekha zikayamba, amakauza atsibweni ake, amapita kuchipatala, n'kubwerera kudzapitiriza dimba lake la tomato. Ferista akumwabe mapilitsi ndipo mwina adzamwa moyo wake wonse. Koma chaka chatha paukwati wa mwana wake wamkazi analowa m'bwalo kuvina chimtali, amayi anzake akumuimbira m'manja, ndipo panalibe amene anasuntha kumuthawa. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone nkhope yanga.

Tili ndi mangawa a chiyamiko kwa mayi ameneyu amene sitinawabweze ali moyo, chifukwa sankalola. Ukayamba kuthokoza ankakudula n'kukufunsa ngati wadzala kale mtedza. Sanatichiritsire abale athu, ndipo sananenepo kuti angathe. Anangotikakamiza kutsegula zitseko zimene tinatseka tokha, n'kutionetsa kuti munthu amene tinkamulira ali moyo anali akadali momwemo.

Gulu lija likuyendabe. Lachepa, ndipo masiku ena ozizira limatuluka mochedwa chifukwa palibe wokalipa. Nyumba ya a Nachisale ndi yokhoma, ana awo sanagwirizane chochita nayo, ndipo pakhonde pamagona mbuzi za eni ake. Koma malo amene ine ndimawaona kuti ndi opanda munthu si pakhondepo. Ali pamsewu. Pa maulendo onse aja a Madamu, ngakhale anali ndi liwiro lotopetsa anyamata, sankatsogolera. Ankayenda kumapeto kwenikweni kwa mzere, kuti wotopa asadzione kuti watsalira yekha. Dzulo m'mawa gululi linandidutsa ndili m'munda. Womaliza anali bambo wosalankhula uja, akukoka miyendo, anzake atamusiya kamtunda. Ndinamuona akuima n'kucheuka. Kumbuyo kwake kunali msewu wokhawokha, ndi fumbi likutsika pang'onopang'ono. Anayang'ana kanthawi ndithu, kenako anatembenuka n'kuyamba kufulumira kuti awapeze anzake.